Woyimba Amaima Pati Sitima Ikamanyamuka?

Nkhani yomwe idakambidwa pa msonkhano wa anthu a kwa Nsabwe, m'boma la Thyolo

 Nkhani yanga lero ndi ya nyimbo zotchula sitima, galimoto, ndege ndi zokwera zina. Nyimbo zotere zilipo m'mayiko onse, ndipo zambiri n'zovinitsa. Koma ndikufuna kuti pobalalika pano aliyense atenge funso limodzi, loti azidzifunsa akamva nyimbo yotere pa wayilesi, pa maliro kapena pakamwa pa agogo ake. Kodi woyimbayu waima pati? Wagwira chiwongolero? Wakhala m'bogi, katundu ali pamiyendo? Kapena watsala pa siteshoni, maso ali ku utsi? Ine ndikuti m'nyimbo zathu za kuno woyimba sakhala mwini ulendo kawirikawiri. Amakhala wonyamulidwa, apo ayi wosiyidwa. Ndipo zimenezi zili ndi chiyambi chake.

Tiyambire kale, gudumu lisanafike. Azungu oyamba kutsegula minda m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje ankayenda pa machila. Inali nsalu yolimba yomangirira ku nsungwi yaitali. Bwana ankagona m'menemo, amuna ena atasenza kutsogolo, ena kumbuyo, enanso akuthamanga m'mbali kudikira kulandira anzawo akatopa. Amuna amenewa ankayimba, ndipo nyimboyo inali ndi ntchito. Inkagwirizanitsa mapazi, chifukwa mmodzi akaponda mosemphana ndi anzake, nsungwi inkadya mapewa a onse. Opalasa ngalawa pa Shire ndi pa Zambezi ankachita chimodzimodzi. Amtengatenga nawo, omwe ankatsika mapiri ndi mitolo ya khofi, fodya ndi thonje n'kukwera ndi nsalu ndi zitsulo, ankayenda ndi nyimbo. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 dziko lino lidatulutsa amuna pafupifupi 200,000, ochuluka mwa iwo amtengatenga, ndipo ambiri adatsala m'njira chifukwa cha njala ndi matenda. Choncho nyimbo zathu zoyambirira za ulendo zidayimbidwa ndi anthu amene iwo eni ndiwo adali chokweracho.

Njanji idabwera kudzatula katunduyo pamitu ya anthu. Madzi a mu Shire adali atayamba kuchepa, sitima za pamadzi zinkatitimira mumchenga, ndipo eni minda adafuna njira yodalirika yotulutsira zokolola. Kampani ya Shire Highlands Railway idayala njanji kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo, kukwera m'mbali mwa Ruo, mpaka sitima idalowa mu Blantyre mu 1908. Inu simufunika kukujambulirani mapu. Mayina ake mumawadziwa pamtima: Makhanga, Thekerani, Sandama, Khonjeni, Luchenza, Limbe. Mu 1935 adatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika kuposa makilomita 3, ndipo kuyambira pamenepo bokosi la tiyi lokwezedwa pa Luchenza linkakafika ku doko la Beira osatsitsidwa panjira.

Njanjiyi adayalira katundu, anthu adangotsatira. Munthu wakuda malo ake adali m'mabogi otsika mtengo, a mipando ya matabwa, mothithikana ndi mitolo. Makolo a ambiri a ife, Alomwe, sadabwere kuno pa sitima n'komwe. Adawoloka malire wapansi kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nadzapeza thangata pa maesiteti, ndipo ena mwa iwo ndi omwe adakumba mapiri ndi kusenza dothi poyala njanjiyo. M'mabuku a makampani mudalembedwa matani a tiyi ndi fodya. Simudalembedwe za mayi yemwe adaperekeza mwamuna wake pa Sandama, osadziwa kuti akumuona komaliza. Zimenezo zidasungidwa kwina, ndipo kwinako ndi m'nyimbo.

Amuna ankapitiranji? Msonkho unkafuna ndalama, malipiro a pa esiteti adali ochepa, ndipo akuluakulu ankati pakadafunda padajiwitsa galu. Ena adalunjika ku Halale, ku minda ya fodya ndi migodi ya Southern Rhodesia. M'zaka za m'ma 1930 boma la kumeneko lidayika malole onyamula ofuna ntchito osalipiritsa, ndipo anthu adangowatcha Ulere. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kudabwera Mthandizi, bungwe lolembera azungu a ku Rhodesia antchito. Ofuna ndalama zochulukirapo adalembetsa ku Wenela, kupita ku migodi ya golide ya ku Joni. Amene adapitiratu osabwerako tidawatcha matchona.

Tsopano bwerani nane pamtondo, pakuti nyimbo zolemera kwambiri za ulendo m'dziko muno zidabadwira pamenepo. Amayi awiri aima moyang'anizana, mtondo uli pakati. Wina akatsitsa munsi, mnzake wakweza wake. Mpweya umatuluka pamodzi ndi kugunda kwa munsi, ndipo mawu a nyimbo amalowa m'mipata ya kugundako. Wina amayambitsa, mnzake amavomera. Zotchulidwa zake n'zodziwika: Halale ndi Joni, kalata yomwe sikubwera, nsalu yong'ambika, denga lodontha popanda wolifolera, munda wolima yekha, mwana yemwe sadziwa nkhope ya bambo ake. Mayiyu mwina sadakwerepo sitima chibadwire, koma amaidziwa bwino, chifukwa ndi imene idamulanda mwamuna. Taganizani chifukwa chake madandaulo amenewa ankatulukira pamtondo. Mkazi sakadapita kubwalo kukasumira Wenela. Sakadayankha apongozi ake maso ndi maso. Koma akayimba akusinja, mudzi wonse unkamva, apongoziwo ankamva, ndipo panalibe womuzenga mlandu, poti inali nyimbo chabe. Hugh Tracey, yemwe adayendayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mawu mu 1950 ndi 1958, adajambula nyimbo za pamtondo pamodzi ndi za bangwe ndi za magule. Zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Mawu a agogo athu ali kumeneko, kutali ndi zidzukulu zawo.

Nanga amuna onyamulidwawo? Nawonso ankayimba. Nyimbo ya Shosholoza, yomwe dziko lonse lidaimva m'mabwalo a masewero pomwe South Africa idatenga chikho cha rugby mu 1995, idayamba ndi amuna ochokera ku Rhodesia opita ndi kuchokera ku migodi pa sitima. Inali nyimbo yogwirira ntchito, yotsitsira piki pamodzi, mbale wake wa nyimbo za machila zija. Ndipo mu 1974 Hugh Masekela, yemwe adabadwira ku Witbank, tauni ya malasha, adatulutsa Stimela, nyimbo ya sitima ya malasha yonyamula antchito a m'migodi. Poiyimba pa siteji ankayamba ndi kutchula mayiko omwe sitimayo imakatenga anthu, ndipo Malawi ankamutchula. Kenaka ndi pakamwa pake ankatsanzira kupuma kwa injini ndi kulira kwa wezulo. Amene mudaimvapo mukudziwa kuti kulira kumeneko sikusangalatsa. Kumabaya, chifukwa Masekela ankayimba ataima pakati pa amuna a m'bogi, omwe ankaitukwana sitimayo mumtima.

Chaka chomwecho cha 1974 chili ndi bala lathu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Wenela idayamba kunyamula anthu ake pa ndege. Mnyamata yemwe sadakwerepo ngakhale basi ankakwezedwa pa Chileka, n'kukatsikira ku Francistown ku Botswana, komwe ankalowa sitima ya ku Joni. Amalawi wamba ambiri oyamba kuuluka mlengalenga sadali olemera kapena ophunzira ayi, adali okumba miyala. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idanyamuka pa Francistown ndi amuna omwe adamaliza kontirakiti, akubwerera kwawo. Mafuta ake adali atasakanikirana ndi a ndege za jeti. Idagwa itangonyamuka, ndipo anthu 78 adafa, oposa 70 mwa iwo Amalawi. Dr. Hastings Kamuzu Banda adaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno. Nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira ambiri adabwerera kumudzi. Kulemba kudayambiranso mu 1977 pa dzina la TEBA, lomwe tidalitcha Theba, koma anthu ake adali ochepa, ndipo kudatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza kachilombo ka HIV.

Achinyamata ambiri pano nkhani ya Francistown akuimva lero koyamba, ndipo zimenezi zimandipweteka. Masiku amenewo woyimba ankayenera kusamala pakamwa. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi zisudzo, ndipo wayilesi inali imodzi yokha, ya boma. Chisoni chotere chinkayimbidwa pa siwa ndi pamtondo, malo omwe makina ojambulira sankafika kawirikawiri.

Kuti muone bwino pomwe woyimba wathu waima, tayang'anani kwa anzathu a ku America. Mu 1946 Bobby Troup adalemba Route 66, yomwe Nat King Cole adaitchukitsa. Ndi nyimbo yotchula matauni a m'mbali mwa msewu wochokera ku Chicago kupita ku Los Angeles, ndipo woyimbayo akuyendetsa yekha, amaima pomwe wafuna. Mu 1955 Chuck Berry adayimba Maybellene, ya mnyamata wothamangitsa galimoto yake pofuna kupeza chibwenzi chomwe chili m'galimoto ya wina. Kumeneko galimoto ndi ufulu, ndi unyamata, chifukwa woyimba ali ndi makiyi m'thumba. Komabe America yomweyo ili ndi nyimbo zina zofanana ndi zathu. Anthu akuda mamiliyoni adachoka m'minda ya thonje ya kum'mwera kupita ku Chicago ndi Detroit pa sitima, ndipo nyimbo zawo za blues zadzaza ndi masiteshoni, kutsanzikana ndi akazi otsala. Mbiri ikafanana, nyimbo zimafanana, ngakhale pakati pali nyanja yamchere.

Ndisakusiyeni ndi maganizo oti sitima inkangotenga. Inkabwezanso. Wobwera ku Joni kapena ku Halale ankatsika ndi sutukesi yachitsulo, bulangete, njinga, nthawi zina galamafoni ndi mbale zake, kapena gitala. M'mbale zimenezo mudali nyimbo za m'matauni a kum'mwera, mudalinso za Jimmie Rodgers, Mmereka yemwe adagwirapo ntchito pa njanji ndipo ankakonda kuyimba za sitima. Adamwalira mu 1933, koma mbale zake zidafika kutali mu Africa muno, oyimba gitala ambiri natengera kayimbidwe kake. Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, adakhala ku Salisbury ali ana, komwe bambo awo ankagwira ntchito, ndipo adabwerako ndi kwela, nyimbo za chitoliro za m'misewu ya Johannesburg. Gerhard Kubik wa ku Vienna adawapeza akuyimba mu Blantyre mu 1967, ndipo pambuyo pake anyamatawo adakayimba mpaka ku Ulaya. Kwela idazilala kwawo ku South Africa, koma ku Chileka idakhalitsa.

Ndipo tayang'anitsitsani zoyimbira za anyamata athu a m'midzi. Banjo yake mimba ndi chigaloni cha oyilo wa galimoto. Nsambo ndi waya wa buleki ya njinga, womasula chingwe chimodzichimodzi. Babatoni amamumanga ndi waya wosolola m'tayala lakutha. Galimoto yomwe mnyamatayo sangaigule, zotsala zake wazisandutsa nyimbo. Kuyimba kwa mtundu umenewu ndi komwe kudabala Alan Namoko, mwana wa Thyolo konkuno, yemwe adali wosaona, ndi gulu lake la Chimvu Jazz. Adamwalira mu 1995, koma nyimbo zake zidafika ku Ulaya, ndipo mpaka lero zikalira m'minibasi, okwera amayamba kugwedeza mitu.

Kutchalitchi nako sitima idalowa. Makwaya athu amakonda kufanizira chipulumutso ndi sitima yomwe yaima pa siteshoni kudikira okwera, ndipo Akhristu akuda a ku America adali ndi nyimbo zotere kalekale. Sister Rosetta Tharpe adajambula This Train mu 1939. N'chifukwa chiyani fanizo limeneli lidagwira mitima ya anthu athu msanga? Ine ndikuona kuti anthu omwe adazolowera bogi ya matabwa ndi chiphaso cha bwana adamva kukoma kwa sitima yopanda kalasi, yomwe tikiti yake sigulidwa ndi ndalama, yomwe ikupita kwawo osati ku mgodi. N'chifukwa chake nyimbo zimenezi zimamveka kwambiri pa maliro.

Tibwere ku masiku ano. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980. Mu 1997 madzi adakokolola njanji pa Chiromo, sitima n'kumathera pa Makhanga. Inu amayi mukukumbuka sitima imeneyo, momwe munkakwezera mikoko ya nthochi, chinangwa ndi nzimbe kupita nazo ku Limbe, ena akugulitsa pa windo sitima isananyamuke. Madzi osefukira a 2015 adaonongeranso njanji ya kumunsi kuno, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 adagumula misewu ndi milatho m'mapiri athu ano. Pomwe ife tikudikira, sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pa Nkaya kupita ku doko la Nacala usana ndi usiku. Katundu akadali patsogolo, monga zidalili mu 1908.

Ulendo wa ku Joni sudathe, wangosintha chokwera. Lero ndi basi, ndipo malo okwerera ku Blantyre akutchedwabe Wenela. Imadzera ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka Beitbridge. Tsopano opita si amuna okha, atsikana athu nawonso akupita, ana n'kutsala ndi agogo. Mu 2008 ndi 2015, pomwe alendo ankamenyedwa ndi kuphedwa ku South Africa, boma lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndipo ambiri adatsika chimanjamanja. Ndipo palibe mudzi kuno womwe sudaonepo galimoto yokoka ngolo ikufika usiku ndi bokosi lochokera ku Joni. Oyimba achinyamata akuyimba za Joni, za mabanja omwe akutha pa foni, ndipo akuchita bwino. Woyimbayo akadali pomwe adaima agogo ake.

Pali gogo mmodzi yemwe nyimbo yake idamunyamula yokha. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu adakhala zaka zambiri akuyimba Buffalo Soldier, momwe ankalakalaka atapeza ndalama zokaonera America. Anthu omukonda adasonkha, ndipo mu 2016, ali ndi zaka zoposa 80, adakwera ndege nakayimba ku Library of Congress ku Washington. Amalawi adasangalala naye kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti uwu udali ulendo wosowa m'mbiri yathu: munthu wamba wopita kutali osathawa msonkho, osakakumba mgodi, wopita chifukwa mtima wake udafuna, nabwerako bwinobwino.

Tsopano inu anyamata a kabaza, ndakuonani mwaimika njinga zanu pamseupo. Inu ndinu m'badwo woyamba kuno kugwira chiwongolero mwaunyinji. Njinga yamoto ndi imene ikutsitsa wodwala kuchoka kuphiri kupita kuchipatala mvula ikagwa, galimoto zitakanika matope. Mukudziwa mtsetse uliwonse pakati pa Thekerani ndi Makwasa. Mukudziwanso zomwe wokwera sadziwa: kuti njingayo nthawi zambiri ndi ya bwana wina yemwe akudikira ndalama yake madzulo, kuti mafuta akakwera mtengo phindu lonse lapita, kuti mnzanu wina ali gone m'chipatala mwendo uli m'chikhakha, kuti usiku wokwera wina amakhala chigawenga. Zonsezi ndi nyimbo zomwe zikudikira woziyimba. Chimodzimodzi thirakitala ya pa esiteti. Mayi wathyola tiyi kuyambira mame asanakamuke, dengu lili kumsana, waima pa mzere wa sikelo, kalaliki akulemba makilo. Thirakitala ifika, masamba akwera, apita ku fakitale, kenaka ku okushoni ku Limbe, kenaka kutsidya kwa nyanja. Mayiyo abwerera kunyumba wapansi. Tsamba lomwe wathyola m'mawa lidzaona mayiko omwe iye sadzawaona. Ngati Masekela adapeza nyimbo m'sitima ya malasha, mwana wa kwa Nsabwe asavutike kusaka nkhani kutali. Musangotengera makanema a kunja oyimba atatsamira galimoto zobwereka. Yimbani chokwera chomwe mukuchidziwa fungo lake.

Pempho langa lachiwiri likupita kwa aphunzitsi ndi ana a sukulu, ndipo ili n'lofulumira. Chigayo chidapeputsa ntchito ya amayi, ndipo palibe angafune kubwerera ku matuza a munsi. Koma mtondo utagona pansi, nyimbo zake zidayamba kugona nawo. Amayi omwe amuna awo adapita ndi Mthandizi kapena Wenela ali m'zaka za m'ma 70 ndi 80 tsopano, ndipo chaka chilichonse tikuika ena m'manda. Abambo omwe adakwera ndege pa Chileka aliponso m'midzi muno, ena akutsokomola fumbi la mgodi. Foni yomwe ili m'thumba mwanu imajambula mawu bwino kuposa makina omwe Hugh Tracey ankayenda nawo pa galimoto.

Pitani kwa agogo anu Loweruka likubwerali. Yambani mwapempha chilolezo, ndipo muwauze chomwe mukufunira nyimbozo. Musawakhazike pampando ngati muli kukhoti. Tulutsani mtondo, thiranimo chimanga pang'ono, itanani mnzawo wa msinkhu wawo kuti azivomera, chifukwa nyimbo zimenezi zimakumbukika thupi likamagwira ntchito yake. Akayimba m'Chilomwe kapena m'Chimang'anja, musawakonze, jambulani momwemo, tanthauzo mufunse pambuyo. Mukatha, lembani m'kope dzina lawo ndi mudzi wawo, yemwe adawaphunzitsa nyimboyo, yemwe ankamuyimbira, komwe munthuyo adapita, chomwe adakwera, ndiponso ngati adabwerako. Muwalole amvere zomwe mwajambulazo musanachoke. Kenaka kaperekeni kope ndi mawuwo kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yanu, ndipo mafumu atithandize kuti mudzi uliwonse usunge zake, zina zisungidwe pa sukulu, kuti foni imodzi ikatayika zonse zisapite nayo.